Sabakitani wa a Namakhwa

Loweruka lapitali tinali ku Lirangwe kukaona chiliza cha a Welosi Namakhwa, popeza chaka chakwana chiwaikire m'manda. Abusa atandipempha kuti ndinene mbiri yawo, monga mlembi wa mpingo wathu wa ku Chileka, ndinawerenga zija timawerenga nthawi zonse: kumene anabadwira, kumene anagwira ntchito, ana angati, zidzukulu zingati. Zonse zinali zoona. Koma pobwerera m'minibasi ndinaona kuti munthuyo sindinamunene n'komwe, ndiye ndati ndimunene pano.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, woyenda mofulumira ngati kuti wina wamuitana. Zaka zawo zonse za ntchito anazithera pa bwalo la ndege la Chileka, m'gulu la ozimitsa moto. Ankakonda kuseka kuti ankalembedwa ntchito yodikira chinthu chimene aliyense ankapemphera kuti chisachitike. Ndege ikatera bwinobwino, anzawo ankabwerera ku bawo, iwo n'kubwerera ku buku lawo. Bukulo linali dikishonale yakale ya Chihebri ndi Chiaramu, yothothoka chikuto, imene anaisoka okha ndi ulusi wa nsapato.

Mmene inawapezera ndi nkhani imene sankakonda kuikamba. Ali mnyamata analowa sukulu ya zaubusa, woyamba m'banja lawo kufika pamenepo, banja la alimi limene agogo ake anachita kuyenda wapansi kuchokera ku Mozambiki. Ataphunzira zaka ziwiri bambo awo anamwalira, n'kusiya ana ang'onoang'ono opanda wowayang'anira. A Namakhwa analongedza. Tsiku lonyamuka, mphunzitsi wawo wa zilankhulo anawapatsa dikishonale ija. Ubusa sanaupeze, ndipo sindinawamvepo akudandaula. Koma Chiaramu sanachitaye. Ankatiuza kuti ndi chilankhulo chimene Yesu ankalankhula ndi amayi ake pakhomo, ndiponso kuti machaputala ena a Danieli ndi Ezara analembedwa m'chilankhulo chomwecho.

Mwa mawu onse a m'buku lija, iwo anakakamira pa limodzi. Aliyense wa mpingo wathu amalidziwa, chifukwa limamveka chaka chilichonse pa Lachisanu Loyera, m'kulira kwa Yesu pa mtanda: sabakitani. A Namakhwa ankaliphwanya patatu ndi zala zawo. Tsinde lake ndi shebaki, ankatero, ndiko kuti kusiya. Kachidutswa kotsatira kakutanthauza inu, komalizira kakutanthauza ine. Mwandisiya. Akafika pamenepo ankayamba kuyenda nalo liwulo m'Baibulo monse. M'buku la Danieli, mfumu yodzikuza ikulota mtengo waukulu ukudulidwa, koma lamulo likuti chitsa chake chisiyidwe m'nthaka: liwu lake ndi lomweli. M'buku la Ezara, mfumu ina ikuuza akuluakulu ake kuti awasiye omanga kachisi, asawavutitse: lomwelinso. Ndipo Akhristu a kum'mawa amene mpaka lero amapemphera m'chilankhulo chimenechi, akafika pamene ife timapempha chikhululukiro m'pemphero la Ambuye, amatchula liwu lomwelo. Kwa iwo kukhululuka ndi kusiya.

Ndinene zoona, tinkatopa nawo. Panali amayi ena a chigwirizano amene akawaona akubwera ndi buku m'khwapa ankakumbukira mwadzidzidzi kuti anasiya nyemba pamoto. Pa maliro, pa ukwati, ngakhale pa msonkhano wokambirana zofolera tchalitchi, shebaki ankapeza polowera.

Abusa ena achinyamata, amene anabwera kwathu ndi digiri yawo yatsopano, anawatsutsa pamaso pa akulu a mpingo onse.

"Bambo Namakhwa, liwu likakhala ndi matanthauzo awiri sindiye kuti onse awiri amayendera limodzi paliponse. Yesu pa mtanda sankanena za kukhululuka. Ankalira."

Tonse tinayang'ana pansi, kudikira kuti kugwe chimvula. A Namakhwa anamenya tebulo ndi chikhatho.

"Abusa, mwanena zoona! Kusiya mwana ndi kusiya fodya si chinthu chimodzi. Ine sindikuti pa mtanda paja liwulo linali ndi tanthauzo lina. Ndikungoti amene anasiyidwa paja ndi yemweyo anatiphunzitsa kupempha kuti milandu yathu isiyidwe. Pakamwa pamodzi, liwu limodzi. Zimenezo sizikukuchititsani mantha?"

Anatsutsana mpaka tiyi anazizira. Kuyambira tsiku limenelo abusa aja ankawabwereka dikishonale, ndipo a Namakhwa ankapita okha kukaitenga pakangotha masiku atatu, chifukwa sankakhulupirira munthu aliyense ndi buku limenelo.

Atapuma pa ntchito anagula munda ku Lirangwe, ngakhale ankakhalabe ku Chileka, kumudzi kwa akazi awo. Pothyola mundawo anakana kuzula zitsa. Oyandikana nawo ankati ndi ulesi wa anthu a pa ntchito. Iwo ankangotengulira mphukira, kusiya ziwiri kapena zitatu pa chitsa chilichonse, ndipo patapita zaka munda wawo ndi umene unali ndi nkhuni ndi mthunzi m'dera lonselo. Ankati Mulungu akamalanga amadula, koma sazula. Ena ankati anangophunzira kwa alangizi a zaulimi n'kupakapo Baibulo. Iwo sankakana.

Anthu amene anawadziwira ku Lirangwe kokha amaganiza kuti Fanuwelo, bambo amene ankakhala nawo kumeneko, ndi mwana wawo wobereka. Si choncho. Fanuwelo anali mkamwini wawo, ndipo panali nthawi imene a Namakhwa sankafuna ngakhale kumva dzina lake.

Fanuwelo anakwatira Esinati, mwana wawo woyamba, amene ankamukonda mosabisa. Anabereka ana awiri, Tadala ndi Yamikani. Ntchito ya ulonda itamuthera, Fanuwelo anapita ku Joni. Chaka choyamba ankaimba foni sabata iliyonse. Chaka chachiwiri ankaimba mwa apo ndi apo. Kenako nambala inasiya kulowa, ndipo kunali zii zaka zinayi. Esinati anadwala khansa. Anayenda m'zipatala mpaka madokotala anati abwerere kunyumba, ndipo anamwalira mu Ogasiti, m'nyumba ya makolo ake. Patangotha masabata atatu chimuikire, Fanuwelo anatsika basi ndi kachikwama kamodzi. Anali atathamangitsidwa kumeneko chifukwa chosowa mapepala. Atafunsidwa, sananame: anali ndi mkazi wina ku Joni, ndipo uthenga wa matenda unamupeza, koma manyazi anamukanikitsa kuyankha.

A Likhutcha, mlongo wawo wa mayi Namakhwa, ndiwo anali mwinimbumba, ndipo nkhani anaidula msanga. Fanuwelo anasudzulidwa sabata yomweyo, n'kuuzidwa kuti phazi lake lisapondenso pamudzipo. A Namakhwa sanatsutse. Ndinalipo tsikulo. Fanuwelo atagwada kuti alankhule nawo, iwo anadzuka n'kulowa m'nyumba.

Fanuwelo sanapite kutali. Anapeza kogona kwa mnzake pafupi ndi msika wa Chileka, n'kumanyamula katundu wa anthu. Lamulungu lililonse ankabwera kutchalitchi, koma sankalowa. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa mawindo, kuti aone ana ake akamatuluka. Mayi Namakhwa ankawagwira anawo manja mwamphamvu n'kudzera khomo lina.

M'miyezi imeneyo a Namakhwa anasintha. Buku linasowa m'khwapa. Shebaki sanamvekenso, ndipo ife amene tinkatopa naye tinayamba kumusowa. Chimene chinatidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti pa mgonero ankatuluka mkate usanafike pa mzere wawo. Kawiri konse. Mkulu wa mpingo sangachite zimenezo anthu osaona. Ndinawafunsa mwaulemu ngati pali chimene tingalembe m'buku la mpingo.

"A mlembi, palibe wandiimitsa," anatero. "Ndadziimitsa ndekha. Lembani zimenezo ngati mukufuna."

Kwathu, pa Lachisanu Loyera, akulu a mpingo asanu ndi awiri amagawana mawu amene Yesu ananena pa mtanda, aliyense mphindi zake zochepa. Mawu achinayi, a sabakitani, anali a a Namakhwa chaka ndi chaka, ndipo palibe ankawalimbirana. Chaka chimenecho anakana. Abusa, omwe aja a digiri, anapita kunyumba kwawo ndi ine.

"Mupatseni wina," anatero a Namakhwa. "Ine chaka chino ndilibe choti ndinene."

"Ndiye mukaime kutsogolo, mukanene kuti mulibe choti munene," anayankha abusa. "Koma dzina lanu sindilifufuta."

Tsikulo kunatentha. Tchalitchi chinadzaza mpaka ana anakhala pansi m'kanjira. Atamaliza mkulu wachitatu ndinatchula dzina lawo, ndisakudziwa ngati adzuka. Anadzuka. Anapita kutsogolo chimanjamanja, opanda buku, opanda kapepala.

"Abale," anayamba, "liwu ili ndalinyamula kuyambira ndili mnyamata. Ndakumasulirani mpaka ena mumathawa mukandiona. Musakane, ndimakuonani."

Anthu anaseka pang'ono.

"Ndinkaganiza kuti ndimalidziwa. Chaka chathachi, kutatsala masiku ochepa kuti Esinati atisiye, anandiitana pa mphasa paja. Anati, ababa, inu mumadziwa zinthu, tandiuzani, ndinalakwa chiyani kuti andisiye? Mwana wanga ananena sabakitani m'Chichewa. Ine ndinali pomwepo, dikishonale ili pa shelefu, ndipo ndinalibe yankho."

Mayi Namakhwa, ku mbali ya amayi, anaphimba nkhope ndi chitenje.

"Pa mtanda paja yankho silinabwerenso tsiku lomwelo. Kumwamba kunangoti zii. Musalole munthu akuuzeni kuti kunali kusewera. Anasiyidwa ndithu, ndipo amene munasiyidwapo mukudziwa kuti Mulungu wathu malo amenewo anafikako. Koma anasiyidwa kuti chiyani? Kuti Atate atsegule dzanja pa milandu yathu. Ndiye ine, Namakhwa, ndagwira munthu pakhosi miyezi isanu ndi iwiri. Dzanja lomwelo ndi limene ndimalandirira mkate. N'chifukwa chake simunandione pa gome. Dzanja lofumbata silingalandire kanthu."

Sananene ameni. Anatsika, n'kuyenda m'kanjira, ana akupinda miyendo kuti adutse, mpaka anatuluka panja. Abusa anandikodola kuti ndiwatsate, poopa kuti mwina adwala. Ndinawapeza ataima pansi pa mango paja. Fanuwelo anali atamva zonse kudzera pa windo, ndipo anali chogwada, mutu uli pansi.

"Apongozi, dzukani," anatero a Namakhwa.

"Ababa, ine sindiyenera."

"Zoti simuyenera ndikuzidziwa, musandiphunzitse. Dzukani ndikuuzeni. Musaganize kuti mtima wanga wayera. Sunayere. Mawa ndikadzuka ndikumbukira zonse, mkuja chimodzimodzi. Koma mlandu wanu ndausiya pano, pansi pa mtengo uno, a mlembi awa ndi mboni. Sindidzautolanso."

Anamugwira pamkono n'kulowa naye m'tchalitchi, n'kumukhazika pa benchi ya abambo. Mkulu wachisanu anayamba kulalikira za ludzu, koma sindikhulupirira kuti alipo anamva.

Wina angaganize kuti nkhani inathera pamenepo, ndi nyimbo ndi misozi. Ayi ndithu. Panja pa tchalitchi pomwepo, anthu akumva, mayi Namakhwa anawaimirira kutsogolo.

"Mwausiya inu. Esinati munam'bereka ndinu? Munkam'sambitsa ndinu mmene ankalephera kudzuka? Mwapereka chinthu chimene si chanu chokha, bambo a Esinati."

A Namakhwa, amene sankasowa yankho pa mtsutso uliwonse, pambuyo pake anandiuza kuti mayiwo ananena zoona: iwo anasiya gawo lawo lokha, ndipo analibe mphamvu yosiyira munthu wina gawo lake.

Madzulo a tsiku lomwelo a Likhutcha anabwera kunyumba.

"Alamu, kutchalitchi lalikirani mmene mungafunire. Koma pamudzi pano inunso ndinu mkamwini. Munthu uja tinam'sudzula, ndipo pano sagona."

"Mwanena mwa lamulo, alamu," anayankha a Namakhwa. "Pano sagona. Koma munda wa ku Lirangwe ndinagula ndekha."

Sabata yotsatira anakweza malata angapo akale ndi makasu pa ngolo, n'kupita ku Lirangwe ndi Fanuwelo. Anaumba njerwa awiriwo, n'kumanga kanyumba ka zipinda ziwiri. Munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri anasiya nyumba ya simenti n'kukagona m'chipinda chonunkha dothi laliwisi, moyandikana ndi munthu amene anasiya mwana wake. Ku Chileka ena ankati madala apenga ndi mabuku. Ena ankati akufuna kutchuka. Mayi Namakhwa anatsala ndi zidzukulu, ndipo anakana kuponda ku Lirangwe.

Loweruka lililonse a Namakhwa ankapalasa njinga kubwera ku Chileka, atamanga nandolo, mbatata kapena nkhuni kumbuyo. Mayiwo ankalandira, n'kuwaphikira, n'kuwachapira, koma dzina la Fanuwelo silinkatchulidwa. Akafuna kunena za iye ankangoti uja. A Namakhwa sanawalalikirepo ngakhale kamodzi. Chimodzi chokha anachikakamira: kuti ana aziona bambo wawo. Anakangana nawo a Likhutcha miyezi yambiri pa nkhani imeneyi, mpaka anagwirizana kuti pa holide anawo azipita ku Lirangwe masiku ochepa.

Fanuwelo naye sanasanduke mngelo. Kawiri anabwerera ku kachasu. Tsiku lina anagulitsa mbuzi ya apongozi ake osawauza, ndipo oyandikana nawo amati kukalipa kwa tsiku limenelo kunamveka mpaka ku msewu. Ndinawafunsa a Namakhwa ngati sakunong'oneza bondo. Anandiyang'ana modabwa. Anati za mbuzi ndi mlandu watsopano, ndipo aukamba mpaka utheretu, koma wakale uja sautola, chifukwa munthu akati wasiya chinthu n'kumakachisuzumira mawa lililonse ndiye kuti wangochisungitsa. Anawonjezera kuti masiku ena kuusiyako ankachita kuyambiranso m'mawa, asanasukusule.

Mvula itagwa kawiri chisamukire, a Namakhwa anagwa m'munda. Mbali imodzi ya thupi inafa, ndipo lilime linalemera. Fanuwelo anawabereka kumsana mpaka ku msewu, n'kupita nawo kuchipatala. Atatuluka anakana kupita ku Chileka, akuloza ndi dzanja lamoyo kumpoto, ku Lirangwe. Ndiye mayi Namakhwa anamanga katundu wawo, natenga zidzukulu, n'kukwera minibasi ya ku Lirangwe.

A Namakhwa anakhala zaka zina zitatu. Ntchito yowanyamula, kuwasambitsa ndi kuwameta inali ya Fanuwelo, chifukwa mayiwo msana unali utatha. Ankagwira ntchito imeneyi limodzi, wina atagwira beseni, wina thaulo, osalankhulana zambiri. Sindinamvepo mayi Namakhwa akunena kuti akhululuka, ndipo sindidzawafunsa. Chimene ndinamva ndi makutu anga, tsiku lina nditapita kukazonda, ndi mayiwo akuitana kuchokera kukhitchini: "Bambo a Tadala, madzi atentha." A Namakhwa anali gone pa mphasa. Anandiyang'ana, n'kutsinzinira diso limodzi.

Kulankhula kunabwerera pang'ono, kokwanira kutsutsa. Abusa akapita kukawapatsa mgonero kunyumba, a Namakhwa ankalandira mkate ndi dzanja lamanzere, kenako n'kuwakonza pamene awerenga mothamanga. Anamwalira m'mawa wina wa mwezi wa Juni, atangomwa phala, Fanuwelo akuwapukuta pakamwa. Pa maliro a Likhutcha ndi amene analoza Fanuwelo kuti atsike m'manda kukalandira bokosi, ntchito imene sapatsidwa mlendo.

Nyumba ya ku Lirangwe ili pomwepo, kuseri kwa chigayo, ukapatuka pa msewu waukulu. Pakhonde pali mpando wa ndalema wa nsalu yobiriwira, wakutha pakati, woyang'ana kunjira. Pakhoma kumbuyo kwake pali banga lakuda, lozungulira ngati mbale, pamene mutu unkatsamira. Pansi simenti inakumbika pang'ono pomwe chidendene cha mwendo wamoyo chinkagunda akamalankhula. Alendo akabwera, anthu amatulutsa mabenchi m'nyumba, ena amakhala pa njerwa, ena amangoima. Palibe anatiuza kuti pampando paja tisakhalepo. Mayi Namakhwa amayala mphasa yawo pambali pake, kumanja, n'kumasola nandolo. Nkhuku ikadumphirapo amaigenda ndi chitsononkho, osadzutsa mutu, n'kupitiriza ntchito yawo.